Mumba Sapusitsidwa

Anzanga, ngati pa foni yanu panafika chithunzi cha bambo wina wa magalasi akuda, pansi pake palembedwa kuti chenjelani ndi mbava iyi, chonde fufutani. Amene anachitumiza ndine, ndipo bamboyo sanabepo ngakhale singano. Khalani pansi ndikuuzeni mmene ine Mumba, munthu wa imvi zanga, ndinatsala pang'ono kupasula ukwati wa mwana wanga chifukwa chochenjela mopitiliza.

Nditapuma nchito ya ulangizi wa zaulimi, mwana wanga Masauso, amene amayendetsa galimoto ku Chipata, anandigulila laputopu kuti ndizilembelapo makalata a kopaletivu yathu kuno ku Petauke. Anailumikizanso ndi foni kuti mauthenga ndiziwelengela pa galasi lalikulu, poti maso anga anayamba kale kundinamiza. Sipanathe miyezi itatu, ndinalowetsamo fulashi ya nyimbo zimene ndinakathilitsa kumsika, basi zonse zinapita. Makalata, zithunzi za phwando londitsanzika kunchito, ngakhale chithunzi chimodzi chokhacho chimene ndinali nacho cha malemu mayi anga, psiti. Zinandiwawa kwambili, sindibisa. Amai Zulu, amene amakonza makompyuta pa boma, anati ndi vailasi. Anaitsuka, n'kundilangiza kuti ndisamatsegule chinthu chochokela kwa munthu wosamudziwa, pasiwedi ndisamauze munthu, ndipo aliyense wondifulumizitsa ndizimukayikila.

Malangizo abwinobwino, eti? Cholinga changanso chinali chabwino, kungoteteza makina anga. Koma ine a dokotala akati supuni imodzi, ndimaganiza kuti botolo lonse ndiye lichiza msanga. Kamela ndinaimata pulasitala. Timabowo tolowetsela fulashi ndinatimatanso pulasitala. Abusa atabwela ndi fulashi yawo kuti ndiwathandize kulemba ndondomeko ya msonkhano, ndinawafunsa kuti fulashiyo yayenda kuti ndi kuti, yalowa m'makina a ndani, mpaka anaibweza m'thumba n'kupempha madzi akumwa. Pasiwedi ndinkasintha Lolemba lililonse, ndikulemba pa kapepala, ndikubisa m'buku la nyimbo za kuchalichi, pa tsamba limene ndinkati ndikulidziwa ndekha. Mkazi wanga, anyina Masauso, ndinawaletsa ngakhale kupukuta fumbi pa tebulopo. Iwo anangoti makinawa ndikuwasunga ngati namwali wa m'chinamwali, n'kupitiliza zawo.

Manje nthawi imeneyo Masauso anali atapeza mbeta, Lusiya, mtsikana wofatsa wa ku Nyimba, cha ku Luembe uko. Anamudikila zaka zitatu kuti amalize maphunzilo a unamwino. Makolo ake anabwela kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika komweko. Alamu anga a Sakala, amene ndi nkhoswe yathu, anali atapeleka kale mbale zofunsila ukwati, ziwili zovundikilana, zokulunga m'nsalu monga mwa mwambo. Kuchikazi anazilandila, koma anati mawu omaliza ali ndi amalume a mtsikana, mwini mbumba, amene anabwelela kutsidya kwa malile nkhondo itatha. Tonse tinkangoti amalume, amalume. Kodi kwathu kuno munthu wamkulu wotele mumamutchula dzina? Ine sindinafunse, ndipo palibe anandiuza.

Lachiwili masana, dzuwa likuswa mtengo, ndili pakati polemba kalata ya feteleza, kompyuta inalila kuti tii. Nambala yachilendo, yosayamba ngati zathuzi. Pa chithunzi bambo wa magalasi akuda, chipewa pamutu. Moni wake wa Chipwitikizi, kenako mawu akuti:

"Asewele, ndine Zuze, malume wake wa Lusiya. Tsegulani kalata iyi, mawu anga onse ali mmenemo. Muyankhe msanga, Loweluka ndikubwela ku Nyimba."

Pansi pake kalata yoti nditsegule.

Ndinaseka ndekha. Nambala yakunja, munthu wosamudziwa, chinthu choti nditsegule, ndiye akundifulumizitsanso! Zonse zimene amai Zulu ananena zafika tsiku limodzi, zitagwilana manja. Akundichula asewele ngati kuti ana athu anakwatilana kale, kuti mtima wanga ufewe. Nanga dzina la Lusiya walidziwa bwanji? Ndinayang'ana pulasitala wa pa kamela, ndinaona kuti wamatuka pang'ono pakona, ndinati ndi pomwepa, wakhala akutisuzumila. Koma chimene chinanditsimikizila kwenikweni chinali mwambo. Malume weniweni, mwini mbumba, angalembele bambo wa mnyamata mwachindunji, nkhoswe ilipo yamoyo? Nkhani ya ukwati imadzela kwa nkhoswe, aliyense akudziwa. Ndinati mbava iyi yaphunzila maina athu koma mwambo wathu sinauphunzile.

Ndinaitana anyina Masauso kuti adzaone mmene mwamuna wawo amagwilila akuba. Anayang'ana, manja ali ndi thovu la sopo, n'kunena kuti:

"Awisi Masauso, bwanji osangomuimbila mwana n'kumufunsa?"

Ndinawayankha kuti ine sindingafunse mwana chinthu chimene ndikuchiona ndi maso anga, komanso za intaneti azisiyile ife amene tinalumidwapo. Komabe ndinaimbila a Sakala, foni yawo osapezeka. Munthu wabwinobwino akanakumbukila kuti nyengo ino a Sakala amakhala kudimba ku Nyampande, kumene netiweki imachita kuisaka pachulu. Ine ndinati ayi, mbavazi zatseka kale foni ya nkhoswe kuti ndisafunse. Mwaona mmene mutu wanga unkagwilila nchito?

Kalatayo sindinatsegule. Pamenepo ndiye pokhapo pamene ndinachita bwino, ndipo ndikanalekela pomwepo bwenzi lelo ndilibe nkhani. Koma ndinafuna kumuchela msampha. Ndinalemba kuti ngati ndinudi malume, nsalu imene tinakulungila mbale inali ya mtundu wanji? Anayankha kuti iye kunalibe tsikulo, angaidziwe bwanji nsalu, nanga ku Petauke anthu amalonjelana chonchi? Ndinaomba m'manja, ndinati wagwidwa, akuzemba funso.

M'mawa mwake, Lachitatu, bambo uja anaimba foni ya vidiyo. Ndinayankha pa laputopu, pulasitala ali pomwepo, ndiye ine ndikumuona, iye akungoona mdima. Bambo wachikulile, ndevu zoyela, magalasi akuda ali m'nyumba, kumbuyo kwake kalendala ya Chipwitikizi. Anati halo asewele, magetsi athima kumeneko? Ine ndikungomuwelenga nkhope. Ndani amavala magalasi akuda m'nyumba ngati si munthu wobisa nkhope? Kenako nzelu ina inandibwelela, mwa nzelu zanga zija. Ndinatsina mphuno, n'kunena ndi mawu onenepa kuti kuno ndi kupolisi, nenani dzina lanu lonse ndi kumene muli.

Bamboyo anadzidzimuka, anapepesa mwaulemu, anati mwina walakwitsa nambala, amafuna bambo Mumba. Nthawi yomweyo anyina Masauso anakuwa ali panja kuti awisi Masauso, madzi osamba akuzizila, tambala wathu nayenso n'kuvomeleza pawindo penipeni. Upolisi wanga unathela pomwepo. Manyazi ogwidwa bodza aja anasanduka ukali, ndinasiya mphuno, ndinatsegula pakamwa.

"Iwe mbava iwe, munthu wamkulu ndi ndevu zakozo, m'malo mokalima ukubela anthu pa intaneti? Vula magalasiwo tikuone! Banja la Lusiya ndi la anthu aulemu, silingabale chinthu ngati iwe."

Bamboyo anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuvula magalasi. Diso limodzi linali lomatidwa thonje ndi bandeji. Mukuganiza kuti ndinamva chisoni? Ndinati taonani, mpaka wadzimanga bandeji kuti tisamuzindikile. Ndinadula foni, ndinakasamba madzi ozizila aja ndikuimba mluzu.

Nditavala ndinati chipambano chotele sichingathele m'nyumba, anthu a Mulungu ayenela kuchenjezedwa. Ndinatenga chithunzi chake chija, ndinalemba pansi pake kuti chenjelani ndi mbava iyi, ikunamizila kuti ndi wachibale, musatsegule chilichonse chimene ingakutumizileni. Ndinatumiza ku gulu la pa foni la kopaletivu, la amuna a kuchalichi, la anzanga opuma nchito. Kenako, mayo ine, ndinatumizanso ku gulu limene Masauso anatsegulila mabanja athu awili, ndipo kumeneko ndinaonjezela kuti anyina Lusiya khalani maso, munthu uyu akuipitsa dzina la mwana wanu. Nditatelo ndinasintha pasiwedi, ngakhale silinali Lolemba, ndinaika yatsopano yogwilizana ndi mmene ndinkadzimvela tsikulo, kapepala n'kubisa m'buku la nyimbo.

A kopaletivu anandithokoza. Ena anati atumiza kale kwa abale awo ku Nyimba, ku Mwape, mpaka ku Lusaka. Wina analemba kuti nkhope imeneyi anaionapo pa sitesheni ya basi ikuzungulila zikwama za anthu. Ine mtima mbee. Koma ku gulu la mabanja kunali zii. Kenako ndinaona anyina Lusiya atuluka m'gulu. Mchimwene wake wa Lusiya watuluka. Azakhali ake atuluka. Lusiya watuluka. Ine ndinati kalanga, mbava ija yawalowela m'mafoni onse.

Dzuwa likupendeka, Masauso anaimba. Mwana uja sanandikwezelepo mawu chibadwile, ndipo tsikulonso sanakweze, chimene chinandiopsa koposa.

"Atate, mwachita chiyani? Amene aja ndi amalume ake a Lusiya. Ndi amene anamulela bambo ake atamwalila."

Anandiuza kuti diso lija anawachita opaleshoni ya ng'ala sabata yatha, n'chifukwa chake amavala magalasi. Nambala yanga anawapatsa ndi a Sakala, atawapempha kuti akufuna kulonjelana ndi bambo wa mnyamata asanakumane maso ndi maso, ndipo a Sakala anati adzandiuza akabwelako kudimba. Anati chithunzi chija chafika mpaka kwa anthu a mpingo wa a Zuze kutsidya kuja, ndipo Lusiya akungolila, foni yake sakuyankha. Kenako anati, atate, zaka zitatu, n'kudula.

Ndinakhala pa mpando ndikuyang'ana pulasitala uja. Ndinayesa kufufuta uthenga, koma mungafufute bwanji chinthu chimene chili kale m'mafoni a maboma awili? Anyina Masauso sananene kuti ndinakuuzani. Akanatelo bwenzi zili bwino, tikanakangana ine n'kupezako mpweya. Anangoika chakudya pa tebulo, n'kukadyela kukhichini.

Lachinayi a Sakala anatulukila, nsapato zili matope a kudimba, m'manja muli kamtolo. Nsalu ija ndinaizindikila ali pageti, yobiliwila ya maluwa achikasu, yomwe ija ndinamufunsa munthu wosalakwa. Mbale zathu zabwezedwa, akuchikazi achita kuwatumizila kudimba komweko. Anaziika pa tebulo pafupi ndi laputopu, anakana mpando. Anati alamu, ine ndakhala nkhoswe ya maukwati ambili, ena anavuta chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha akazi apambali, koma wovuta chifukwa cha bambo wa mnyamata wodzisandutsa wapolisi ndi uno woyamba. Anati a Zuze anena kuti ngati ndili ndi mawu, ndikawapeze Loweluka ku Luembe, ndipo ndikabwele ndi makina anga amene anawaweluza kuti ndi mbava.

Loweluka tinakwela basi ya m'mawa, ine, anyina Masauso, a Sakala ndi Masauso amene anafika Lachisanu osandiyang'ana kumaso. Ine laputopu pamiyendo, tambala wathu uja m'manja, yemwe uja anandiulula, ndinati nayenso akayankhe mlandu. Tili m'basi mayi wina amene anakhala pafupi nane anandionetsa foni yake, anati bambo mwamva za mbava iyi, akuti yabela kale anthu asanu ku Petauke. Ndinangoti zoona amai, dziko laipa, n'kuyang'ana pawindo mpaka ku Nyimba.

Kuchokela pa Nyimba tinapeza kagalimoto kopita ku Luembe, fumbi mpaka m'makutu. Tinafika anthu atadzaza pabwalo pansi pa mtengo wa mango, abale, anansi, ndi ena amene anangobwela kudzaona wapolisi wa ku Petauke. Lusiya anali pakhonde ndi mayi ake, maso otupa. Pa mpando wapakati panali a Zuze, magalasi omwe aja, chipewa chomwe chija. Munthu wamfupi, wofatsa, wooneka ngati mkulu wa mpingo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ndi mkulu wa mpingo ndithu.

Ndinagwada m'fumbi ndi mawondo anga a nyamakaziwa, tambala m'manja. A Sakala anayankhula m'malo mwanga monga mwa mwambo, anapepesa, anafotokoza za vailasi ndi chithunzi cha malemu mayi anga, anati munthuyu si woipa, mantha ndi amene anamulowa m'mutu. A Zuze anamvetsela mpaka kumapeto. Kenako anati iwo anatukwanidwapo m'moyo, koma kuuzidwa kuti banja lawo lomwe silingawabale, anayamba kumva kwa ine. Anafunsa ngati kalata ija ndinaiwelenga. Ndinati ayi. Anati ndiitsegule pomwepo, ndiwelenge mokweza, anthu onse aone vailasi imene ili mmenemo.

Anandiikila kampando, ndinatsegula laputopu, aliyense n'kuona mapulasitala anga. Inafunsa pasiwedi. Pamenepo ndinakumbukila imene ndinaika Lachitatu lija. Ndinalemba mwaphuma, yakana. Ndinalembanso, yakana. Ndiye makinawo, monga ndinawauzila ndekha masiku a ukali wanga, anachenjeza kuti ndikalakwitsa kachitatu atsekeka mpaka mailo. A Zuze anati popeza manja akuvuta, nditchule mawuwo Masauso alembe. Ndinayankha chapansipansi kuti pasiwedi sauza munthu. Tangoganizani, munthu uli m'fumbi, ukwati wa mwana wako uli pa ulusi, ukukambabe malamulo a amai Zulu! Masauso anandiyang'ana koyamba chifikile, ndipo m'maso mwake munali kupempha.

Anyina Masauso, amene anakhala pa mphasa kumbuyo kwanga, anakonza chitenje chawo, n'kunena momveka bwino kuti bwalo lonse limve:

"Lemba, mwanawe. Mumba sapusitsidwa. Zilembo zazikulu zonse, osadumpha mpata."

Masauso analemba. Makina anatseguka.

Ndinacheuka, ndinawafunsa monong'ona kuti mwaidziwa bwanji. Anati buku la nyimbo lija ndi limene amapita nalo kukwaya Lachinayi lililonse, mapasiwedi anga onse akhala akuwagwela pamiyendo chaka chonse, ena mpaka amawatolela ndi anzawo a kwaya.

Pabwalo panali patayamba kale timaphokoso ta anthu obisa kuseka, koma a Zuze anakweza dzanja, anati kalata. Ndinaitsegula. Palibe chinaphulika, palibe chinafufutika. Kalata ya tsamba limodzi, yolembedwa bwino, ndipo ndinawelenga ndi pakamwa panga:

"Ndavomela kuti Lusiya akwatiwe ndi Masauso. Ndamva kwa a Sakala kuti bambo Mumba ndi munthu wodekha, wofunsa asanayankhule, wolemekeza alendo. Mtima wanga wakhala pansi podziwa kuti mwana wanga akulowa m'nyumba ya munthu wotele."

Mawu omalizawo anatuluka ngati ndikumeza mbatata youma. Kenako anyina Lusiya, amene sanandiyankhe ngakhale moni, anaphulika kuseka mpaka kugwila mzati wa khonde. Bwalo lonse linatsatila. Lusiya anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. A Zuze analimbalimba, kenako anagwila diso lawo lodwala, akuti a dokotala anawaletsa kuseka kwambili, ndiye ndikawaphulitsa ulusi ndidzalipilanso tambala wina.

Atapuma anagamula. Anati mbale zibwelele kuchikazi, ukwati ulipo, chifukwa ana sanalakwe kanthu. Koma popeza nkhope yawo inayenda m'mafoni, yanganso iyende njila yomweyo. Anandijambula ndili chogwada, tambala m'manja, fumbi m'mawondo, ndipo ndinatumiza ndekha ku magulu onse aja ndi mawu amene iwo anachita kundilembetsa: a Zuze si mbava, ndi asewele anga. Chenjelani ndi bambo uyu, saba kanthu koma safunsa.

Masauso anandithandiza kudzuka, anandisasa fumbi m'mawondo, ndipo ine misozi inalengeza, ndinanamizila fumbi la m'galimoto.

Ukwati unachitika, unali wabwino, ine ndi a Zuze tinavina limodzi. Chithunzi changa chinayenda kuposa chawo, mpaka lelo ndikalowa mumsika wa Petauke ena amandiimila sailuti n'kumati bwana wapolisi. Amai Zulu nditawafotokozela anaseka mpaka kukhala pansi, anati kusatsegula kalata ndinachita bwino ndithu ndipo ndisasiye, koma foni yomweyo imene ndinatukwanila munthu inalinso yotha kuimbila mwana wanga, mphindi imodzi yokha.

Pulasitala akadali pa kamela, fulashi ya abusa sinalowebe, zimenezo musayembekeze kuti ndisintha. Koma kulengeza munthu kuti ndi mbava ndisanaimbile wachibale ngakhale mmodzi, ai, ndinalapa, mawondo anga sangapililenso fumbi la ku Luembe. Pasiwedi masiku ano amasankha ndi anyina Masauso, ndipo m'mawa uliwonse ndimailemba ndi zala zanga, zilembo zazikulu zonse, osadumpha mpata: FUNSAKAYE. Popeza ndakuuzani, ndiyenela kuisintha lelo lomwe, koma ndiyambe ndawafunsa.